Kodi kugwedeza milomo yokha ndi ulesi?

Mnyamata wina wandilembera imelo kuti akupanga katuni yekha pa laputopu, koma anzake akumuseka chifukwa anthu ake amangogwedeza milomo thupi lili chiimire, ndipo akufunsa ngati kutero ndi ulesi. Achimwene, funso lanuli landiponda pachilonda.

Zaka zingapo zapitazo ndinayamba katuni ya mphindi ziwiri yonena za mayi wogulitsa mandasi. Ndinali nditawerenga kuti filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi, choncho ndinalumbira kuti ndijambula chithunzi chilichonse pamanja, kuyambira chitenje chokupizidwa ndi mphepo mpaka zala zogwira beseni. Magetsi akazima ndinkapitiriza ndi tochi ya foni, chala chili matuza okhaokha. Miyezi itatu inatha ndili ndi masekondi 11, mayi uja asanatule n'komwe beseni pamutu, ndipo mapepalawo alipobe m'katoni ya sopo pansi pa bedi.

Chimandiwawa n'chakuti William Hanna ndi Joseph Barbera anathana nalo kalekale vutoli. Kampani ya mafilimu ya ku America ya MGM itatseka situdiyo yake ya makatuni mu 1957, akuluakulu awiriwa, amene ankapanga Tom and Jerry ndi madola oposa 30,000 pa filimu imodzi, anayamba kupanga The Ruff and Reddy Show ya pa kanema wa NBC ndi madola pafupifupi 3,000 pa gawo. Anayamba kujambula thupi pa pepala limodzi la pulasitiki yoonekera, mutu pa lina, pakamwa pa linanso, n'kumasintha chokhacho chimene chikuyenda. Kolala ndi tayi ya Yogi Bear, chimbalangondo cha m'katuni yawo ina, si zokongoletsa chabe: zimabisa polumikizira, kuti mutu utembenuke thupi lisakujambulidwanso. Fred Flintstone, wa m'katuni yawo inanso, akamathamanga m'nyumba amadutsa zenera lomwelo kambirimbiri, chifukwa chithunzi chakumbuyo chikungobwerezedwa.

Chuck Jones, mmodzi mwa amisiri a makatuni a Bugs Bunny, ananyoza makatuni oterewa kuti ndi wailesi yokhala ndi zithunzi. Ine chipongwecho sindichiona. Ife amene tinakulira pa masewero a pa wailesi, kanema wa dziko lino asanatsegulidwe mu 1999, tikudziwa kuti mawu okha amatha kukhazika banja lonse pansi. Huckleberry Hound, galu wa m'katuni ya Hanna ndi Barbera, anapata Emmy, mphoto ya mapulogalamu a pa kanema, mu 1960, ndipo kwa ine chimene chinamunyamula ndi mawu a Daws Butler, amene ankamulankhulira. Ku Japan nako Osamu Tezuka anatulutsa katuni ya Astro Boy mlungu uliwonse kuyambira mu Januwale 1963 pochepetsa zojambula kufika pa 8 kapena kucheperapo pa sekondi.

Pamene sindigwirizana napo ndi pa katuni ya Clutch Cargo ya mu 1959. Kumeneko ankajambula pa filimu milomo ya munthu weniweni n'kuimata pa nkhope yojambulidwa yosayenda, ndipo milomo yonyowayo imachita kuopseza. Anzanuwo akadaseka zimenezo, ndikadawathandiza kuseka.

Tsono mutani?

Yambani ndi kujambula mawu, ndi anthu odziwa kusewera, m'chipinda chopanda phokoso. Konzani milomo isanu ndi umodzi yosiyana, muonjezere kuphethira kwa maso ndi kupendeka kwa mutu, ndipo munthu wanuyo mumveke mpango kapena kolala m'khosi. Zojambula zambiri muzisungire sekondi imodzi yokha imene nthabwala ikuphulika.