Mowa wa mu tikiti ndi mowa wogulitsa

Mayi wina wa ku Leicester walemba kuti gulu lawo la Amalawi likukonza phwando la 6 July mu holo yobwereka. Tikiti ndi £20, mkati mwake muli chakudya ndi mabotolo awiri a mowa, ndipo akomiti akuti chilolezo n'chosafunika poti palibe amene adzagulitse mowa.

Mayi, akomitiwo akusocheretsani. Ku England ndi Wales, lamulo la Licensing Act la 2003 silisamala dzina limene mwapatsa ndalamazo. Munthu akalipira pakhomo kenako n'kulandira botolo, mowawo wagulitsidwa. Mukaika mbale pambali pa bala n'kumati aliyense wotenga botolo aponyemo kangachepe, n'chimodzimodzi. Chinkhoswe n'chosiyana: eni mwambo akagula mowa n'kugawira alendo ulere, ndalama za perekaniperekani sizikugula botolo lililonse, choncho chilolezo cha mowa sichifunika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene amalimbikira kuti "tidzangochita, sadzaona" si amene dzina lawo limalembedwa. Apolisi akafika safunsa komiti yonse. Amafunsa amene anabwereka holo ndi amene waima pa bala. Kugulitsa mowa popanda chilolezo kungathe kumuika munthu m'ndende mpaka miyezi 6, kapena chindapusa chopanda malire, ndipo kwa amene ali pa viza ya ntchito yosamalira okalamba mbiri yotereyi imavuta kuifotokoza pokonzetsa mapepala. Zonsezi pothawa £21 yokha yolipirira chilolezo!

Apa nditchulenso za Malawi Gin wobwera m'masutikesi. Mowa umene munthu amaloledwa kulowa nawo osalipira msonkho ndi woti amwe yekha kapena apatse mnzake ngati mphatso. Kuuika pa bala n'kuulemba mtengo ndi mlandu wina pawokha, chilolezo chilipo kapena palibe. Imwerani kunyumba.

Tsono poyambira ndi pa eni holo. Afunseni ngati ali ndi laisensi ya mowa ndi bala yawoyawo. Ngati ilipo, asiyireni malonda a mowawo, inu musamale nsima ndi gule. Phindu lichepa, koma udindo uli kwa iwo. Ngati palibe, mufunika fomu ya chilolezo cha kanthawi kochepa yotchedwa Temporary Event Notice, imene ambiri amangoti TEN, yochokera ku khonsolo ya dera limene kuli holoyo, osati kumene mumakhala inu.

Amalemba ndi munthu mmodzi wa zaka 18 kapena kuposa, osati gulu. Anthu asapitirire 499 nthawi imodzi, kuwerengera ophika, DJ ndi alonda omwe. Fomu ifike kukhonsolo kutatsala masiku 10 ogwira ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa: tsiku lolandira fomu siliwerengedwa, tsiku la phwando siliwerengedwanso, Loweruka, Lamlungu ndi maholide a boma ayi. Phwando likakhala Loweruka, fomu ifike pofika Lachisanu masiku 15 m'mbuyo. Ilipo ina ya ochedwa, ya masiku 5 mpaka 9, koma apolisi kapena a zaumoyo akukhonsolo akangoikana, zathera pomwepo, palibe kokadandaula. Mukalemba pa intaneti khonsolo imawatumizira yokha fomuyo apolisi ndi a zaumoyowo. Mukalemba papepala muwatumizire nokha. Funsaninso eni holo kuti chaka chino alandira kale ma TEN angati, chifukwa malo amodzi sapitirira 15. Pa fomupo musaiwale kulemba nyimbo ndi chakudya chotentha ngati zidzapitirira 11 koloko usiku, ndipo lembani nthawi yeniyeni yotsekera. Tonse tikudziwa kuti phwando la 6 koloko limayamba 9.

Usiku wa phwandolo

Chikalata cha TEN chimatidwe poonekera, kapena chikhale m'manja mwa munthu amene mwamusankha. Pa bala paime anthu awiri osamwa usiku wonse. Wooneka ngati sanafike zaka 25 aonetse pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto, ngakhale akhale mwana wa apampando amene munamuona akukwawa. Kumugulitsa mowa wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndipo amalume omugulira pambali nawonso alakwa. Jini, ramu, vodika ndi wisiki ziyezedwe pa kamuyezo ka 25ml kapena 35ml, osati kuthira ndi maso.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi kukaniza wamkulu amene waledzera. Bambo wa imvi wayedzamira tebulo, mawu akukokeka, ndalama ili m'manja, ndipo wa pa bala ndi mtsikana amene amawatcha "adadi". Lamulo likuti kugulitsa mowa kwa woledzera ukudziwa ndi mlandu wa chindapusa chofika £1,000. Musamusiyire mtsikanayo yekha. Sankhani bambo mnzawo wolemekezeka amene adzawatengere pambali, kuwapatsa madzi ndi mbale ya nyama, n'kuwaitanira takisi. Bala itsekedwe mphindi 30 nyimbo zisanathe, ndipo pakhomo pakhale wina woona amene akutuluka ndi makiyi a galimoto.

Ngati gulu lina la ku Scotland likuwerenga, kumeneko TEN kulibe. Funsani khonsolo za occasional licence, ndipo yambani msanga chifukwa imatenga milungu ingapo.