Kodi mafilimu a zigawenga a ku India amatamanda umbanda?

Mayi wina wanditumizira imelo yodandaula kuti mwana wake wa zaka 17 amakonda mafilimu a ku India onena za zigawenga, ndipo akufunsa ngati muli phindu lililonse kupatula mfuti ndi magazi.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ine ndimaona kuti mafilimu abwino a mtundu umenewu mutu wawo waukulu ndi ntchito, makamaka zimene zimagwera banja ntchito ikasowa. Mu Deewaar, ya mu 1975, Amitabh Bachchan amasewera ngati Vijay, mwana wa mtsogoleri wa ogwira ntchito amene mabwana anamukakamiza kugulitsa anzake. Anthu okwiya anamulemba mwanayo pamkono mawu osafufutika akuti bambo ake ndi mbala. Atakula anayamba kunyamula katundu padoko la Bombay, kenaka analowa malonda ozembetsa katundu, pamene mng'ono wake anakhala wapolisi. Filimuyi inatuluka anthu akulira ndi kukwera mitengo kwa zinthu, kutatsala miyezi yochepa kuti nduna yaikulu ya dzikolo, Indira Gandhi, alengeze ulamuliro wapangozi.

Mu 1982 ogwira ntchito pafupifupi 250,000 a m'mafakitale a nsalu mumzindawo ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi Datta Samant. Sitiraka sinaphule kanthu, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo anyamata a m'nyumba zothithikana zotchedwa chawl anakula akuona makolo awo ali khale pakhomo. Magulu a zigawenga sanavutike kupeza owalemba. Moyo wa m'nyumba zimenezi ndi umene timauona mu Vaastav, ya mu 1999, imene kwa ine ndi yokhudza mtima kwambiri. Raghu, amene amaseweredwa ndi Sanjay Dutt, anangofuna kugulitsa zakudya m'mbali mwa msewu, koma atapha munthu pa mkangano anathawira m'manja mwa zigawenga, kenaka m'manja mwa wandale amene anamugwiritsa ntchito n'kumutaya ataona kuti wayamba kumuchititsa manyazi. Pamapeto pake amayi ake enieni ndi amene amamuwombera, iye atawapempha.

Nayakan, ya chinenero cha Tamil ya mu 1987, imafunsa chifukwa chimene anthu osauka a ku Dharavi, dera la nyumba zachisawawa ku Bombay, amakatulira madandaulo awo kwa mkulu wa zigawenga m'malo mopita kupolisi, pamene Gangs of Wasseypur, ya mu 2012, imatengera nkhaniyi kumigodi ya malasha ya ku Dhanbad, kumene kubwezerana kumadya mibadwo itatu.

Sindikubisirani kuti ena mwa mafilimuwa amakometsa chigawenga ndi nyimbo ndi zovala mpaka mwana n'kumasirira, ndipo ngakhale abwinowo ali ndi nkhanza zosayenera ana aang'ono. Popeza wanuyo wafika zaka 17, ndikupempheni muonere limodzi Vaastav mpaka kumapeto, kenaka mumufunse kuti wapindula ndani ndi imfa ya Raghu.