Kwa mayi wa ku Santhe amene tulo tidawathawa

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Santhe. Anandilola kuyankha poyera, bola dzina lawo lisatuluke. Iwo ndi bambo akunyumba anakongola ndalama ku banki m'khonde, zina kwa wakatapila, kuti agule feteleza wa fodya. Mvula inadula pakati, ndipo mabelo amene anapita ku okushoni ku Chinkhoma sanabweze ngakhale theka la ngongoleyo. Tsopano usiku sagona, mtima umangogunda. Atadandaulira mnzawo wa kumpingo, anawayankha kuti Mkhristu weniweni sada nkhawa. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi chikhulupiriro changa chatha? Nanga mpumulo umene Yesu analonjeza uja uli kuti?"

Mayi, pepani kwambiri. Mnzanuyo mwina ankafuna kukulimbitsani mtima, koma analakwitsa. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, ndi mlimi uti muno m'Kasungu amene amamva mtengo wa thumba la feteleza mtima uli m'malo? Ngongole yanu ndi yeniyeni, ndipo kusowa nayo tulo si tchimo.

Tsegulani 1 Mafumu mutu 19. Eliya anali atangoonetsa mphamvu ya Mulungu pa phiri la Karimeli, pamaso pa aneneri a Baala 450. Yezebeli atangomuopseza, munthu yemweyo analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko, n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mneneri wathunthu ameneyo! Chimene chimandikhudza ine ndi yankho la Mulungu. Sanamukalipire, sanamufunse kuti chikhulupiriro chako chapita kuti. Anamuleka agone. Kenako mngelo anamukhudza, kumutu kwake kuli mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri kuti adyenso, chifukwa ulendo unali wautali. Mafunso anadza pambuyo pake ku Horebu, patatha masiku 40. Ndipo Eliya atadandaula kuti watsala yekha, anauzidwa kuti alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, n'kupatsidwanso Elisa woyenda naye.

Nkhaniyi ndinaimvetsa ndili mnyamata kwathu ku Chamama, chaka chimene fodya wa bambo anga anabwezedwa pamsika. Tinali titasoka fodyayo mpaka zala kuda bii ndi utomoni, chigafa chili thoo. Usiku wina ndinadzuka kupita panja, ndinawapeza bambo atakhala pakhonde, atagwira mutu, nyali yozima. Amayi sanawalalikire. Anakoleza moto usiku womwewo, n'kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, n'kuwayikira mbale pamwendo. Anakhala pambali pawo osayankhula mpaka mbaleyo itayera, ndiyeno anapemphera mawu ochepa kwambiri, oti sindikuwakumbukanso. M'mawa mwake bambo anadzuka dzuwa litakwera, ndipo amayi anatiletsa kuwadzutsa. Ngongole inatenga zaka ziwiri kuti ithe.

Pa Mateyu 11:28 Yesu akuitana olema ndi othodwa. Amphamvu ndi okondwa sakuwatchula. Ndiye inu amene mwalema, mawuwo ndi anuanu. Onaninso kuti sanalonjeze kuti katundu adzasowa. Akunena za goli, ndipo tonse kuno tikudziwa kuti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Pa Marko 6:31 iye yemweyo anauza ophunzira ake kuti apite padera akapume, chifukwa analibe ngakhale nthawi yodyera.

Nanga pemphero likakana kutuluka? Werengani Salmo 88 mokweza. Limayamba ndi kulira, n'kuthera mu mdima, popanda aleluya kumapeto kwake, koma lili m'Baibulo momwemo. Ine limanditonthoza kuposa makolasi ambiri othamanga, ngakhale ndikudziwa kuti akwaya sandikonda ndikatero.

Tsopano za pansi pano. Mtima ukamagunda choncho, pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni BP, ndipo mukawauze azaumoyo kuti simukugona. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, kwa inu kapena kwa bambo, musagone nawo ngakhale usiku umodzi: uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, mupite naye kuchipatala. Abambo ambiri amafa ndi chinunu pa nkhani za ngongole, choncho muziwayang'anitsitsa. Mutu umodzi susenza denga. Pezani mayi mmodzi wa Chigwirizano wosunga chinsinsi, kapena mkulu wa mpingo wa dera lanu, amene angamve nkhani yonse osakuweruzani.

Amayi a banki m'khonde musawathawe. Pitani pa tsiku la msonkhano, munene chilungamo, mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono. Ambiri mwa iwo analimanso fodya chaka chomwechi. Wakatapila ndiye woyenera kuyamba kuthana naye, poti chiwongoladzanja chake sichigona, ndipo mukamakambirana naye pakhale mboni, ngakhale anyakwawa.

Lero madzulo idyani nsima, ngakhale mulibe chilakolako, foni muyiike kutali ndi mphasa. Mukakumana ndi amayi agulu aja, mundilemberenso mundiuze mmene zayendera.