Kwa achemwali amene afunsa za kunenepa ndi jakisoni wa Ozempic

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba. Mumadya mphika umodzi ndi mng'ono wanu, iye ali ngati bango koma inu sikelo ikuti makilogalamu 98, ndipo mukufunsa ngati mugule tiyi wochepetsa thupi kapena jakisoni wa Ozempic. Ena akuyankhani kale kuti "chepetsani nsima basi". Nsima ili ndi mbali yake, sindikukana, koma akanakhala kuti nkhani ndi yomweyo bwenzi mng'ono wanuyo atanenepanso.

Njala ndi kukhuta sizichokera m'mimba mokha, ubongo ndi umene umalamula. Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University ku New York anatulukira homoni yotchedwa leptin. Imapangidwa ndi mafuta a m'thupi, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti nkhokwe ilimo chakudya. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anapeza ina, ghrelin, yochokera m'chifu, yomwe imakuwa kuti njala. Tsono vuto lili apa: mukatsitsa thupi, leptin amatsika, ghrelin amakwera, ndipo thupi limayamba kuumira mphamvu ngati mmene banja limaumirira ufa mu February. Kafukufuku wa ku Melbourne wa 2011 anapeza kuti patatha chaka chathunthu anthu atatsitsa thupi, mahomoni a njalawa anali asanabwerere mwakale. N'chifukwa chake munthu amavutika miyezi itatu, n'kutsika, kenako zonse n'kubwerera. Si ulesi ayi.

Zakumtundu nazo zilipo. Kafukufuku wa ana amapasa amasonyeza kuti 40 mpaka 70 peresenti ya kusiyana kwa matupi athu ndi yachibadwa. Ana a mimba imodzi satengera zofanana ndendende, ndiye musadabwe ndi mng'ono wanu. Chibadwacho chimangokonza malo. Zozizira zotsekemera, chipisi, mandasi a m'mawa uliwonse, kukhala pansi tsiku lonse ndi kugona maola ochepa ndi zimene zimadzadzamo.

Koma chimene ndikufuna muyambe mwachiona ndi mankhwala amene mukumwa kale, chifukwa ambiri sitiganizirako. Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, akamwedwa nthawi yaitali amanenepetsa. Olanzapine wa matenda a maganizo, insulin, komanso jakisoni wolera wa Depo kwa amayi ena, chimodzimodzi. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri kuno anasinthidwirako kuyambira 2019, aonetsanso kuti amawonjezera thupi, makamaka kwa amayi. Chonde musasiye mankhwala alionse panokha, makamaka ma ARV. Kawauzeni adokotala, iwo ndi amene angaone ngati pali chosintha. Muwapemphenso akuyezeni shuga, BP ndi chithokomiro. Chithokomiro chikafooka munthu amatopa, amazizidwa ndipo amawonjezera thupi, ngakhale kawirikawiri si makilogalamu ambiri. Ngati msambo ukudumphadumpha ndipo tsitsi likumera pachibwano, atchulireni, mwina ndi PCOS, vuto la kusokonekera kwa mahomoni mwa amayi.

Simunanene kutalika kwanu. Tiyerekeze kuti ndinu mamita 1.6: chulukitsani 1.6 ndi 1.6, mupeza 2.56, ndiye mugawe 98 ndi 2.56, yankho ndi 38. Imeneyo ndiye BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Kuyambira 30 achipatala amati ndi kunenepa kofunika chithandizo, ngakhale kumudzi azakhali angakuyamikireni kuti abambo akukusamalani bwino.

Za tiyiyo ndinena mosapsatira: sungani ndalama zanu. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, sikelo n'kutsika chifukwa cha madzi. Ena anapezekapo atathiridwa mobisa sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Europe ndi ku America mu 2010 chifukwa choika mtima pachiswe.

Ozempic ndi mankhwala enieni. Dzina lake lenileni ndi semaglutide, amapangidwa ndi Novo Nordisk ya ku Denmark. Anavomerezedwa ku America mu 2017 ngati mankhwala a shuga, ndipo mu 2021 anatuluka ndi mlingo wokulirapo pa dzina la Wegovy, wa kunenepa. Amatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, imene imauza ubongo kuti mwakhuta ndiponso imachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu. Mumabaya kamodzi pa sabata. Pa kafukufuku wamkulu wa mlingo wa Wegovy, anthu anatsika pafupifupi 15 peresenti m'masabata 68. Kwa inu amenewo ndi makilogalamu ngati 14 kapena 15. Jakisoni wina, tirzepatide, wogulitsidwa ngati Mounjaro, amafika cha m'ma 20 peresenti. Koma amene amagulitsa pa WhatsApp sakuuzani kuti anthu omwe anasiya kubaya anabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya patatha chaka. Ndi mankhwala okhalitsa ngati a BP, ndipo ndi odula. Amachititsa nseru, kusanza, kudzimbidwa kapena kutsegula m'mimba, nthawi zina miyala mu ndulu. Woyembekezera kapena amene akufuna mimba posachedwa sayenera kubaya. Majakisoni abodza nawo alipo, moti WHO inachenjezapo mu 2024, ndiye wopanda chikalata cha dokotala musamukhudze.

Palinso orlistat, mapiritsi amene amaletsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mafuta a m'chakudya kulowa m'thupi. Amatsitsa pang'ono, ndipo mukadya zonona mudzazionera nokha kuchimbudzi. Opaleshoni yochepetsa chifu ndiyo imatsitsa kwambiri, 25 mpaka 30 peresenti, ndipo ambiri shuga wawo amakhazikika. Kwa zaka zambiri lamulo loti munthu apangidwe opaleshoniyi linali BMI ya 40, kapena 35 ngati pali shuga kapena BP, ndipo pambuyo pake mumamwa mavitamini moyo wonse.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kukayezetsa, n'kutenga mapaketi a mankhwala onse amene ndikumwa kukawaonetsa. Cholinga choyamba chisakhale kufanana ndi mng'ono wanu. Kutsika ndi 5 mpaka 10 peresenti kokha, kwa inu makilogalamu 5 mpaka 10, kumaonekera kale pa shuga, BP ndi maondo. Mukapita mudzatiuze kutalika kwanu ndi zimene apeza, tiwerengere limodzi BMI yanu yeniyeni.