Ndalama zomangira nyumba kuno kuchigwa tizipeza kuti? Kuyankha mayi a ku Bangula

Mayi ena a ku Bangula anditumizira imelo ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pompano poti funso lawo ndi la anthu ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa. Mwachidule akuti nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, iwo ndi mabanja ena anasamukira kumtunda komwe amfumu anawapatsa malo, mpaka pano akukhala m'nyumba za zidina zofolera udzu ndi malona, pamalopo palibe mjigo, palibe ngalande, mvula ikagwa madzi amangodutsa pakati pa nyumba. Anapita kubanki kukafunsa loni ya nyumba koma anawabweza. Ndiye akufunsa kuti, "kodi anthu ngati ife ndalama zomangira nyumba yolimba ndi kukonza dera lathu tingazipeze kuti, kapena tingokongola ku banki mkhonde timalize kamodzi?"

Mayi, pepani kaye ndi nyumbayo, ndipo munachita bwino kusamuka. Ambiri anabwerera kudimba komweko poti ndi kumene kuli chakudya, sindiwaweruza ayi, koma madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu Januwale 2022 kenako Freddy, onsewa anatipeza m'malo omwewo, Shire ndi Ruo zikadzadza sizifunsa kuti munamanga liti. Yankho langa ndi lakuti ndalama mukufunazo ndi za mitundu iwiri ndipo musaziphatikize. Za nyumba yanu zichokera kwa inu nomwe pang'onopang'ono popanda ngongole yaikulu, koma za mjigo, ngalande ndi msewu si zoti muzisonkhetsa munthu amene akugona pansi pa lona, zimenezo zili ndi kwake kokazifuna.

Tiyambe ndi bankiyo. Banki ikamapereka loni ya nyumba imafuna chikalata cha malo choti igwire ngati chikole komanso malipiro odziwika a mwezi ndi mwezi, ndiye malo omwe anyakwawa anangokulozerani ndi dzanja banki singawawerengere. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964 koma nyumba zake zambiri zili m'matauni ndipo ndi za lendi, sizikukhudzani. Komatu ngakhale akanakupatsani loniyo ine ndikanakuletsani. Chiwongola dzanja cha mabanki zaka zino chakhala chikupitirira 25 peresenti pa chaka, tiyerekeze mwatenga K10 miliyoni pa 30 peresenti, ndiye kuti chaka choyamba chiwongola dzanja chokha ndi pafupifupi K3 miliyoni, K250,000 mwezi uliwonse ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Munthu wodalira thonje, chitowe ndi mapira, amene amagwira ndalama kamodzi pa chaka, angazikwanitse bwanji zimenezo?

Banki mkhonde ndiye samalani nayo kwambiri pa nkhani ya nyumba. Magulu ambiri amakongoza pa 10 kapena 20 peresenti pa mwezi osati pa chaka, mukatenga K500,000 pa 20 peresenti ndiye kuti mwezi ukatha mukufunika K100,000 yapamwamba. Pa geni ya nsomba kapena tomato zimatheka chifukwa ndalama ikuzungulira, koma khoma silibereka ndalama, mapeto ake mudzagulitsa mbuzi zonse kapena anzanu a m'gulu adzabwera kudzasasula malata omwewo. Banki mkhonde muigwiritse ntchito ngati posungira, muziponya masheya chaka chonse ndipo tsiku logawana mutenge gawo lanulo mukagule zipangizo tsiku lomwelo kapena mawa lake, isanagone m'nyumba masiku ambiri poti mukudziwa nokha mmene mavuto amabwerera akamva kuti pali ndalama. Za katapila sindinena zambiri, musayandikireko.

Ndati mukagule zipangizo chifukwa kwacha siisungika. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, amene anasunga ndalama ya malata makumi awiri anadzuka m'mawa ikungokwana ochepa, pomwe amene anagula malatawo n'kuwaimika kuseri kwa chitseko sanaluze kanthu. Malata, misomali, waya, mafelemu a zitseko, izi zimadikira. Simenti yokha ndiye siidikira, ikakhala miyezi ingapo m'chinyontho chathu chino imauma n'kusanduka mwala m'thumba momwemo, ndiye mukagula matumba asanu muumbiretu mabuloko sabata yomweyo, mchenga ulipo wambiri m'mitsinje yathu yokwiririkayi, mabulokowo muziwathirira madzi masiku angapo pamthunzi kenako muwasanje, amenewo angakhale zaka osawonongeka.

Mwina mukukumbukira pologalamu ya malata ndi simenti yomwe boma la a Peter Mutharika linayambitsa mu 2014, yoti munthu alandire zipangizo n'kudzabweza theka la mtengo. Ena anapindula nayo, koma inatizoloweretsa kuganiza kuti nyumba yabwino ndi malata, pomwe kuno kuchigwa nyumba zambiri zimayambira pansi kugwa. Mukayang'ana nyumba yomwe inagwa ndi madzi muona kuti zidina za mizere iwiri kapena itatu yoyambirira zinanyowa n'kusanduka phala, khoma lonse n'kukhala pansi, denga lili bwinobwino pamwamba pa zogumukazo. Kwina monga cha ku Ngabu kuli dothi la makande lija, limafufuma nthawi ya mvula, chilimwe n'kung'ambika ming'alu yolowa dzanja, ndipo khoma limang'ambika nalo limodzi. Ndiye ndalama yanu yoyamba, yomwe mwaivutikira kwambiri, ipite ku fawundeshoni. Mukumbe mpaka mupeze dothi lolimba, mumange ndi miyala kapena mabuloko ndi simenti osati matope, ikwere kufika m'bondo pamwamba pa nthaka, muyale pulasitiki yakuda ija musanayambe khoma kuti chinyontho chisakwere. Pamwamba pa fawundeshoni yotereyi ngakhale mutayamba ndi zidina ndi udzu chaka choyamba palibe vuto, bola denga lituluke kwambiri kuti mvula isamamenye khoma. Muyambe ndi zipinda ziwiri basi koma mmisiri asiye mano pakona kuti mudzalumikize china mukadzakolola. Ndipo podzakhoma malata mitengo ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'khoma, mphepo ya kuno mukuidziwa.

Poti muli mabanja angapo pamalo amodzi, muli ndi mwayi womwe munthu payekha alibe. Pangani chipereganyu cha zipangizo osati cha ndalama, mwezi uno aliyense abweretse thumba limodzi la simenti kwa uje, nonse mukatute mchenga ndi miyala, mwezi wamawa kwa wina. Chikombole cha mabuloko chimodzi chikukwanirani nonse, mmisiri mmodzi mukamulonjeza mafawundeshoni khumi amatsitsa mtengo, thiransipoti yochokera ku Nchalo kapena ku Blantyre mumagawana. Chovuta chake ndi chakuti amene walandira koyamba amatha kuyamba ulesi, choncho mulembe mndandanda pamaso pa amfumu, ndipo ine ndikanakonda muyambe ndi agogo kapena mayi amasiye kuti pasakhale kukanganirana.

Koma musanathire thumba ngakhale limodzi, konzani za malowo. Anthu osamuka ambiri amapatsidwa malo nthawi ya chisoni, pakatha zaka zitatu mwana wa mwini munda wabwera kuchokera ku Joni akuti apa ndi pathu, inu mutamanga kale. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola munthu kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya malo ya m'mudzi n'kulandira satifiketi, ndipo ku Chikwawa ntchitoyi yakhala ikuchitika pansi pa Shire Valley Transformation Programme, ija ya ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira. Kafunseni ku ofesi ya malo kwa DC ku Nsanje ngati kwanu kalembera wafika. Podikira zimenezo pezani kalata yosainidwa ndi anyakwawa, agulupu ndi a T/A, yokhala ndi chidindo, malire ndi mboni, ndipo dzina lanu mayi lilembedwepo, lisakhale la bambo okha.

Tsopano za dera. Mjigo, ngalande zikuluzikulu, kalavati, izi ndi za khonsolo, ndipo ndalama zake zilipo, zakhala zikuchokera ku thumba la chitukuko cha m'dera la MP (CDF), thumba la chitukuko cha boma lanu (DDF) komanso pulojekiti ya GESD yomwe World Bank inkaperekera ndalama kumakhonsolo malinga ndi mmene agwirira ntchito. Njira yake imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la T/A (ADC), kenako kulowa mu pulani ya chitukuko ya boma lanu, ndipo mudzi watsopano ngati wanuwo nthawi zambiri sumakhala m'mapepala awo, amakuwerengeranibe kumudzi wakale womwe unakokoloka. Choncho lembani maina a mabanja onse, chiwerengero cha ana, mtunda womwe amayi akuyenda kukatunga madzi, mupereke ku VDC ndipo muonetsetse kuti zalowa m'maminitsi, mutenge kope yanu. Mupemphe chinthu chimodzi kaye, ine ndinganene mjigo, chifukwa ngakhale mabuloko anuwo afuna madzi. Khansala ndi MP muziwakumbutsa muli gulu, pepala lili m'manja.

Mabungwe monga Habitat for Humanity ndi Red Cross amangirapo anthu nyumba kuno madzi atawononga, koma amadzera ku khonsolo ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo amayamba ndi ovutikitsitsa, okalamba, aulumali, ana amasiye, ndiye musaimitse ntchito yanu powadikira. Akabwera n'kupeza malo ali ndi kalata, komiti ilipo, mchenga ndi miyala zaunjikidwa kale, savutika kukusankhani. Chomwe ndikupempheni ndi chakuti wina akabwera ndi mafomu akuti perekani K5,000 kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa nyumba zaulere, musapereke, mumufunse kalata yochokera kwa DC, ndipo akakana mukanene kupolisi ya Bangula tsiku lomwelo.