Achemwali, musanawasinthe chipatala amayi, onani kaye m'thumba la mankhwala

Pepani kwambiri achemwali. Mwati amayi agonekedwa katatu chaka chino, miyendo imatupa, amabanika, akalandira thandizo amatuluka ali bwinobwino, koma pakangotha miyezi iwiri zimayambiranso, ndiye mukufunsa ngati muwasinthe chipatala kapena muyese azitsamba. Ine si dokotala, koma ndinadwazika bambo anga zaka 4 ndi vuto lomweli la kufooka kwa mtima, ndiye mundilole nditalikitseko.

Akatuluka m'chipatala, mankhwala aja amamwa mpaka liti? Ife pamenepa ndi pomwe pankatigwetsa. Bambo akangoona kuti nsapato zayambanso kulowa, ankati achira, furosemide uja n'kumukankhira kuseri kwa wailesi. Ankadana nayenso chifukwa amakodzetsa. Tsiku la maliro kapena Lamulungu sankamwa dala, ati anthu aziti chiyani mkulu wa mpingo akumangotuluka panja. Pakatha milungu itatu tinkawapeza pakati pa usiku atakhala tsonga, mapilo atatu kumsana, akuti akagona chagada akumva ngati akumira. Ukadina chala pamsongolo, kadzenje kankatsala pompo.

Amenewo ndi madzi. Mtima ukafooka supopa magazi mokwanira, impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi, ndipo madziwo ena amatsikira kumiyendo, ena amadzaza m'mapapo. Mankhwala okodzetsa amachotsa madzi basi, mtima saukonza. Amene amaupeputsira ntchito ndi ena aja monga enalapril, ndipo amenewa samwa ngati LA woti masiku atatu mwamaliza. Kaya munthu ali gwa, amamwabe. Za kukodzazo tinakawafotokozera adokotala, iwo n'kungotisinthira nthawi yomwera pa masiku a zochitika. Nkhani yomwe inatigoneka m'wodi kawiri inatha ndi funso limodzi.

Chinanso, mawu oti "ali ndi mtima" musakhutire nawo. Funsani kuti chafooketsa mtimawo n'chiyani. Kwa akuluakulu ambiri imakhala BP yomwe yakhala yokwera zaka zambiri osaidziwa. Ena ndi mavalavu (titseko ta m'kati mwa mtima) omwe anawonongeka ndi zilonda zapakhosi za kuubwana zomwe sizinachizidwe, ndipo oterewa ena amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi. Ena ndi shuga, ena kuchepa magazi. Thandizo lake limasiyana. Pemphani kuti awajambule mtima, amati echo, komanso awayeze impso. Ngati pachipatala chanu palibe makina, apempheni kalata yopita ku Queens kapena ku Kamuzu Central. A ku Neno muli ndi mwayi, kiliniki ya PEN-Plus imaona matenda amenewa konko. Ndipo m'malo modikira kuti afike pogonekedwa, alembetseni ku kiliniki ya NCD, ya matenda osapatsirana monga BP, shuga ndi mtima, kuti azikhala ndi tsiku lawo lokaonedwa.

Kusinthasintha zipatala ife kunatipweteka. Kwina anatipatsa mapilisi omwe tinali nawo kale koma dzina lina, bambo n'kumamwa onse awiri mpaka chizungulire chinawagwetsa kubafa. Buku lawo lakuchipatala likhale limodzi, ndipo popita muzinyamula timapaketi tonse, ngakhale totha.

Kukhitchini nkhondo yake ndi ya mchere. A WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zakudya zonse. Ndiye muganize nsomba zouma zamchere, makyubu othira mu ndiwo, soda wa m'therere, kuwonjezera kambale ka mchere kaja kokhala pambali pa nsima. Bambo anakwiya sabata yathunthu, ati tikuwadyetsa ndiwo za kundende, koma tomato, anyezi ndi mandimu zinatiwombola, lilime linazolowera. Samalaninso ndi Brufen, diclofenac ndi Indocid. Agogo ambiri amagula okha msana ukawawa, koma mankhwala amenewa amasungitsa madzi m'thupi ndipo amalemetsa impso.

Za azitsamba ndinena mosapsatira: botolo lopanda dzina simudziwa muli chiyani, ndipo choopsa kwambiri n'choti munthu akaliyamba amasiya akuchipatala. Azakhali anga anabwera nalo la malita awiri, tinawathokoza, n'kulisiya pakhonde. Mapemphero pempherani ndithu, ifenso tinkapemphera, koma wina akati tayani mapilisi mwachiritsidwa, musamvere.

Ndalama yomwe mukanakalipira kuchipatala cha pulayiveti, ngati ilipo, ndikanayamba kugulira sikelo ndi kamakina koyezera BP. Muziwayeza m'mawa uliwonse akachoka kokodza, asanadye, n'kulemba m'kope. Akakwera makilogalamu 2 m'masiku atatu, si kunenepa, ndi madzi, pitani asanabanike. Koma akamva kuphwanya pachifuwa, akamalephera kupuma ali chikhalire, akakomoka, kapena kamwa likapotoka ndi dzanja kufooka, musadikire kuti kuche, ndipo musafunse kaye pagulu pano.

Inuyonso musasenze nokha. Ife tinagawana: wina thiransipoti, wina kugula mankhwala akasowa kuchipatala, ine kuperekeza ndi kufunsa mafunso, poti bambo akafika pamaso pa dokotala ankangoti "ndili bwino" ngakhale atagona chokhala usiku wonse.

Madzulo ano kawerengeni mapilisi otsala, muyerekeze ndi tsiku lomwe analandira. Mundiuze zomwe mupeze.