Yankho kwa achemwali ofuna kupalasa njinga chifukwa cha mnzawo wodwala MS

Achemwali, mwati mnzanu amupeza ndi matenda a multiple sclerosis (MS) ndiye mukufuna kupalasa njinga mtunda wautali kuti anthu asonkhe ndalama, koma simukudziwa poyambira. Ine ndingoti yambani mwamufunsa mwini wakeyo kaye, ena safuna kuti dziko lonse lidziwe za matenda awo, chithunzi chake musachiike pa Facebook asanavomere chonde.

Anthu azikufunsani kuti MS ndi chani. Muziwauza kuti chitetezo cha m'thupi chimayamba kuononga kachikopa kokuta mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana kotchedwa myelin, ndiye munthu amatopa kwambiri, miyendo kuchita dzanzi, maso osaona bwino, ndipo sapatsirana ayi. Mankhwala ochiziratu kulibe koma ochepetsa kubwerabwera kwake alipo.

Ine ndili ndi mnzanga yemwe ali nawo, kukangotentha miyendo imamulemera ngati amumangirira miyala, tsiku lina ndinaona kapu ikumupulumuka m'manja akuyesetsa kuigwira, mtima unandiwawa zedi. Ndiye ngati wanuyo akufuna kudzakuchingamirani pothera ulendo, pakhale mthunzi, mpando ndi madzi ozizira, asaime padzuwa kukudikirani.

Za kupalasazo musadzikakamize, yambani ndi makilomita 10 nkumaonjezera pang'onopang'ono sabata iliyonse, mabuleki muwaonetsetse, helemeti osaiwala. Nenani poyera kuti ndalama zipita kwa mnzanuyo kapena kubungwe, anthu amapereka momasuka akadziwa. Tsiku ndikanakhala ine ndikanasankha 30 May, ndi tsiku la MS padziko lonse.